Mlonda M'kati mwa Rauta ya a Manijala

Ndagi! Mwati gize? Mbuzi ya bwana yamangidwa pachingwe m'nyumba, koma mkaka wake akukama ndi anthu a kuseri kwa mpanda. Mwagonja? Ndi rauta imeneyo, kabokosi ka tinyanga tiwiri komwaza intaneti popanda waya. Ndipo inu mukunyogodola pakonapo, mukuti Namakhwa wa Sitandade 5 sangadziwe zimenezi, khalani pansi, chifukwa ine ndiye munthu yekhayo mu Thyolo muno amene analowamo ndi nsapato zomwe.

Nthawi imeneyo ndinali mlonda wa masana panyumba ya a manijala athu a ku esiteti, bambo wa kumpoto wokonda tayi ngakhale dzuwa liswe mtengo. Atangogula kabokosiko, kuseri kwa mpanda kunayamba msika: makalaliki a kufakitale ndi malaputopu a kuofesi, aphunzitsi ochokera ku Masambanjati, mwini minibasi wina ankatsitsa anthu n'kuima pomwepo ngati yafa, onse akukama, mpaka kalata ya bwana yopita kuhedi ofesi inkatuluka Lolemba n'kukafika Lachinayi itaonda.

Bwana anandiitana. “A Namakhwa, ndimakulembani kuti muzilondera chiyani? Pofika Lachisanu akubawa akhale atatha, apo ayi mundisiyire yunifomu ndi makiyi a nyumba ya kulaini.”

Mukumva? Ana asanu ndi awiri, nyumba ya kampani, zonse zilende pa kanthu kosaoneka ndi maso!

Ndinapita kwathu, ndinatereka therere mumphika wamaliro, ndinadzola thupi lonse, ndinabwerera, ndinapuma mpweya wonse kunja mpaka ndinatsala ngati ulusi, n'kutsetserekera pakabowo ka chingwe, tereee, mutu, mapewa, chibonga, mabutsi, ndipo nditaimirira m'katimo ndinapeza kuti ndi malo aakulu kuposa esiteti yonse, misewu yake ya moto wobiriwira, makalata akuthamanga ngati njinga za nthochi potsika phiri, koma pageti palibe munthu, pangolembedwa dzina ndi mawu achinsinsi omwe kanabwera nawo kusitolo, amene ngakhale nkhuku ya ku Mphuka inkawadziwa. Ndinati ayi, ulesi uwu.

Choyamba ndinasintha pasiwedi. Osati timawu tanu ta tsiku lobadwa, ayi, ndinatchula maina a minda yonse ya tiyi kuyambira kumtsinje mpaka kubulugamu, ndinawonjezera akapitawo onse amoyo ndi akufa, agalu awo, azilamu anga asanu ndi mmodzi, pakati pake ndinayetsemula kawiri ndipo kuyetsemulako kunalowa momwemo, moti pamene ndinkamaliza, kalongonda, nyemba zochedwa kupsa zija, amene mayi a kunyumba anatereka ndikuyamba anali atapsa, atadyedwa, mbale zitatsukidwa.

Kenako dzina la netiweki. Ndinaona kuti likuonekera kutali ngati chikwangwani cha bala, ndiye ndinatulutsa dzanja pakabowo, ndinakoka chiperoni chimene chinkadutsa, ndinachifinya ngati bulangeti n'kukulungamo dzinalo, ndipo ngati mukukumbukira sabata ija kunacha bwino mwezi wa Juni, chifunga chonse chinali m'thumba mwanga.

Mphamvu yake nayo inali yosadulira. Inkadumpha mpanda, kudutsa Thekerani, kukagwera ku Mozambique, ana kumeneko ankaitola m'madengu. Ndinatenga mpeni wodulira tiyi, ndinaisadza molingana ngati tebulo, kutalika kwake m'chiuno, mathero ake pamaluwa a dona, akazi a bwana, chidutswa chimodzi chinagwera pa mbuzi ya kukhichini ndipo inayamba kulira m'Chingerezi. Pomaliza ndinalambula mozungulira monga timachitira ndi bulugamu kuti moto wolusa usalowe, azungu amati fayawo, ndipo tizilombo ta m'makompyuta tinkafika pamenepo n'kupsa, thethethe, ngati ngumbi pachiwaya. Ndikanama, tiyi yense uyu asanduke chitedze!

Tsopano ntchito yeniyeni ya mlonda ndi buku la pageti. Makina alionse ali ndi nambala yakeyake ngati galimoto, ndiye ndinalemba ololedwa kulowa: laputopu ya dona, kompyuta ya ana, ngakhale ya mlongo wawo wobwera pa holide. Ndinalamula kabokosiko kuti wosalembedwa, kaya wavala suti, abwerere. Ndinatuluka, ndinasamba.

Lachisanu kuseri kwa mpanda kunali zii. Makalaliki ankazungulira atanyamula malaputopu m'mwamba ngati akupempha mvula, minibasi ija inachira yokha. Ine pageti chifuwa chili patsogolo, ndikudikira kukwezedwa.

Ndiye ndinamva kukuwa. Bwana anatuluka tayi ili paphewa, laputopu m'manja, lipoti la masamba a sabata yonse likufunika kuhedi ofesi masana omwewo.

“A Namakhwa! Bwanji ikundikana?”

“Mwalembedwa m'buku, bwana?”

“Buku lanji? Nyumba ino ndi yanga!”

Apo m'pamene ndinatsekula buku lija m'mutu: laputopu ya bwana munalibe. Inu, zaka khumi ndi ziwiri pageti, ndi liti mlonda analembapo mwini nyumba m'buku? Mwini nyumba umangomenya sailuti n'kutsekula! Koma kabokosi sikadziwa tayi. Ndinayesa kubwereramo, therere linali litatha. Ndinayesa pasiwedi, ndinatchula minda, akapitawo, agalu, koma poyetsemula sindinkafikapo pamene paja, ngakhale ndinanunkhiza fodya wa agogo mpaka misozi. Bwana anakapezeka kuseri kwa mpanda pamodzi ndi akuba aja, akufunsana kuti ikugwirira pati.

Dona ndi amene anatulukira, anamasula kaphini pachitenje, anabaya kabowo kakumbuyo kwa kabokosi kaja, anawerenga mpaka teni. Basi. Chiperoni changa, fayawo yanga, azilamu anga, zonse fuu, ndipo kunja kwa mpanda kunamveka nthungululu.

Yunifomu sanandilande, dona anandipepesera chifukwa cha ana. Bwana anangondisamutsira kokalondera mulu wa manyowa kunazale, ndipo ndili komweko mpaka lero. Mukuseka? Pitani mukafunse: chifikireni ine pamulu umene uja, wabapo intaneti ndani?