Kandege Kanu Kati Nyumba ya Apongozi Ili Bwinobwino

Kwa Bwana Mkulu,
Nthambi Yolondola Anamondwe ndi Kuwerengera Zowonongeka.

Wolemekezeka Bwana,

Ndagwada. Chipewa ndavula, m'manja ndasamba kawiri kuti dzimbiri la malata lisadetse pepala lomwe likagwiridwe ndi zala zanu. Ine ndine munthu wamba, mmisiri wokhoma madenga. Sukulu ndinalekera panjira, ntchito ndinaiphunzirira pamwamba pa nyumba za anthu, mphunzitsi wanga anali hamala, ndipo zikhadabo zakuda za kumanzereku ndizo masatifiketi anga. Amake ana andichenjeza kuti ndilembe mofatsa, poti amadziwa kuti mtima wanga unamanga nyumba pafupi ndi pakamwa. Choncho sindidandaula. Ndalemba kuti ndithokoze, ndipo zothokozazo ndaziika manambala, poti ndamva kuti kwanuko chinthu chopanda nambala sichioneka.

Koma ndiyambe ndakudziwitsani mwini nkhani. Ndi apongozi anga, mayi awo a akazi anga, amasiye, amene mbali imodzi ya thupi inafa zaka zinayi zapitazo. Sayenda. Amakhala m'nyumba ya zipinda ziwiri, yachitatu kuchokera pomwe timachita lendi ife. Nyumbayo ili ndi khoma lakumbuyo, ndipo mtanda wa denga unagona pakhoma pomwepo. Khomalo mulisunge mumtima, Bwana, tibwererako.

1. Ndithokoze chifukwa cha chenjezo.

Namondwe amene anatisasulira madenga uja munamulondola masiku khumi ndi limodzi. Tinkakuonani pa kanema wa kometera tsitsi, mnyamata wanu wa tayi akuloza ndi kamtengo chinthu choyera chozungulira ngati thovu la sopo m'beseni. Munkadziwa komwe anabadwira, liwiro lake, kunenepa kwake, mpaka munamupatsa dzina lokongola ngati mwana wanu woyamba. Chomwe simunadziwe ndi chimodzi chokha, chaching'ono: tsiku lomwe adzafike pakhomo pathu. Anafika Lachiwiri masana, atabereka kamvuluvulu kumsana. Kamvuluvuluyo anatsika mumsewu mwathu ngati chidakwa, apa kugenda, apa kulumpha, apa kubwerera kudzamalizitsa.

Uthenga wanu unalowa mufoni Lachitatu m'mawa. Unati kukubwera mphepo yamphamvu, timange zinthu zonse zomwe zingauluke. Ndinauwerengera mumtengo, Bwana, ndikutsitsa lata. Ndinausunga, sindinaufufute. Ndi malangizo abwino, angadzathandize adzukulu.

2. Ndithokoze chifukwa cha kudekha.

Anthu anu owerengera zowonongeka anafika patatha masiku asanu ndi anayi. Sindikuwanena. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo munthu wophunzira sathamanga m'matope. Kungoti mwa masiku asanu ndi anayiwo, asanu ndi limodzi kunagwa mvula, ndipo apa ndi pomwe ndinapalamulira mlandu womwe ndikuvomera pamaso panu.

Mphepo itangodutsa ndinathamangira kwa apongozi. Denga linali litasasuka lonse, ngati munthu wavundukula poto. Ndinawapeza ali pabedi chagada, mvula ikuwagwa kumaso, dzanja lamoyolo litagwira mbale pamutu. Sanalire. Anangondifunsa ngati ana ali bwino, kenako n'kundiuza kuti ndisawayang'ane kwambiri poti mpango wawo wauluka.

Munthu wanzeru akanaima kaye n'kuganiza za malamulo a nthambi yanu. Ine mbuli ndinangotenga hamala. Malata asanu ndinawatola pabwalo la sukulu, awiri mumtengo uja, limodzi linali litavundikira chimbudzi cha eni ake ndipo linatuluka ndi mkangano. Mutu umodzi susenza denga, ndiye wometa tsitsi ndi wowotcherera zitsulo anandigwirako. Tinawongola malata pamwala, mapaso othyoka tinalumikiza, ndinakhoma, ndinamanga ndi waya, pamwamba n'kusanjikapo matayala akale. Dzuwa lisanalowe tsiku lachiwiri, apongozi anali pouma.

Ndili pamwambapo ndinamva nyumba ikuyankha hamala mwachilendo. Nditatsika ndinapeza khoma lakumbuyo lija litang'aluka kuchokera pawindo mpaka pansi, litapendekera kunja. Ndinalichirikiza ndi mitengo itatu. Ndinkadziwa kuti chomwe ndachita ndi kumanga nsanza pabala, kudikira adokotala. Adokotalawo ndinkayesa ndinu.

3. Ndithokoze chifukwa cha kandege.

Apa mpomwe ndinaona kuti sukulu ndi yabwino. Ife tikafuna kudziwa ngati nyumba ili moyo timalowamo, timagogoda khoma, timatsitsa chingwe chomangirira kachitsulo kunsonga kuti tione ngati laima chilili. Anthu anu sanavutike ndi zachikale zimenezo. Anaima pamsewu, pouma, atavala majekete onyezimira, n'kuulutsa kandege kolira ngati njuchi yolusa. Kanazungulira pamwamba pathu mphindi zochepa, iwo maso ali pagalasi. Akuti kamawerenga madenga. Pomwe kaona malata, nyumba ili bwino. Pomwe kaona m'kati, nyumba yawonongeka. Basi, sayansi yathera pomwepo.

Kanaona malata anga asanu ndi atatu, okhomedwa mumzere, poti ine ngakhale ndili pachangu sindikhoma mokhota. Kanakondwa. Chikomekome cha mkuyu, Bwana, koma kandege sikadya nkhuyu, ndiye nyerere kazidziwira kuti?

Kenako kunabwera wa penti. Anali ndi zitini ziwiri, yofiira ya nyumba zowonongeka, yobiriwira ya nyumba zabwino. Kutsogolo kunali chithaphwi, ndiye pofuna kusunga nsapato anazungulira kumbuyo, n'kuwerama kudutsa pansi pa mitengo yanga itatu yochirikiza ija, n'kuchonga ndi penti yobiriwira pakhoma lomwelo. Chizindikirocho chinadutsa pamng'alu penipeni, moti burashi inakodwamo, anachita kuisolola. Ndinamuonetsa ndi chala, mwaulemu womwe ndinali nawo panthawiyo, umene mwina sunali wambiri. Anandiyankha kuti zogamula zinatha kale ndi chithunzi, iye yake ndi penti. Ndikumulemekeza mnyamatayo. Munthu wodziwa malire a ntchito yake ndi wosowa masiku ano.

4. Ndithokoze m'malo mwa Bwana Mawa.

Ameneyu ndi mnansi wathu wa kumapeto kwa msewu. Dzinalo tinamupatsa chifukwa ali ndi chinyumba cha zipinda zisanu ndi chimodzi chomwe anachiimika zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, ndipo ukamufunsa za denga amati mawa. Ndikudziwa bwino, chifukwa ndine amene ndinakayeza mapaso ake ndevu zanga zisanachite imvi. Chinyumbacho sichinafundepo lata chibadwire. M'chipinda chochezera munamera mtengo wa papaya, ndipo unabereka kawiri.

Kandege kanu katafika pamenepo kanagwidwa chisoni. Kanaona zipinda zisanu ndi chimodzi zili yasa, kanalemba kuti denga lonse linapita ndi mphepo. Wa penti anajambulapo mtanda wofiira waukulu ngati chitseko. Lero Bwana Mawa ali pamwamba pa kaundula wanu wa olandira malata, simenti ndi amisiri, ndipo akuyenda mumsewu ndi nkhope yachisoni yomwe sikumukhala bwino. Akuti namondweyu anamupweteka kwambiri. Zoona, mapapaya ake anayoyoka.

Ndiye taonani chilungamo chake mmene chakhalira mumsewu mwathu. Amene anakhala manja lende kuyang'ana kumwamba ali ndi penti yofiira. Amene anakwera pamwamba kufunditsa ana ndi odwala ali ndi yobiriwira. Ndawerenga nyumba zisanu ndi ziwiri zotere, ndipo zinayi mwa izo ndinakhoma ndine. Kale anthu ankandipatsa moni patali. Pano akandiona ndi hamala amatseka zitseko.

5. Ndithokoze chifukwa cha fomu.

Lolemba ndinafika ku ofesi kwanu. Ndinakhala pabenchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, moyang'anana ndi chithunzi chanu chomwe mukumwetulira mutavala chipewa cholimba choteteza mutu. Ndinadabwa kuti m'chithunzimo chikanakugwerani n'chiyani. Mayi wa pawindo anandipatsa fomu. Ili ndi mabokosi awiri: denga lilipo, denga palibe. Ndinafunsa bokosi la denga lomwe lilipo koma lagona pakhoma lomwe likutsanzika. Akuti limenelo kompyuta siilidziwa.

Anandiuza kuti ndingathe kudandaula, bola ndibweretse chithunzi choonetsa kuwonongeka ndisanakonze chilichonse, ndipo kaundula atsekedwa Lachisanu lino. Chithunzi ndilibe, Bwana. Mulungu anandipatsa manja awiri okha, lina linagwira msomali, lina hamala. Sindinaganize zouza apongozi kuti akhale kaye choncho pamvula, ayang'ane kuno, amwetulire.

Pamenepo ndivomere kuti ndinamenya tebulo. Kamodzi kokha, mwina kawiri. Mlonda wanu anandiperekeza mpaka pageti mwaulemu, atandigwira kolala kuti ndisaterereke. Ndipepese kwa tebulolo, ndi lopangidwa bwino. Potuluka ndinaonanso kuti siling'i ya pakona, pamwamba pa kabati ya mafayilo, ili ndi banga lofiirira ndipo yayamba kufufuma. Denga lanu likudontha polumikizira ngalande. Musadere nkhawa, kuchokera kumwamba likuoneka bwinobwino.

Tsopano tibwerere kukhoma lija.

Chizindikiro chanu chobiriwira chandithandiza kuposa momwe munaganizira, chifukwa chasanduka chida changa choyezera. Tsiku lomwe anachonga, pamng'alu pankalowa chala chimodzi. Sabata yatha zinalowa ziwiri. Lero m'mawa zalowa zitatu, ndipo chizindikirocho chagawika pakati, mchira uku, mutu uku, sizikuonananso. Bedi ndinalikokera kuchipinda chakutsogolo, koma inu ndi ine tikudziwa, kapena ine ndekha ndikudziwa, kuti khoma lonyamula mtanda likagwa silifunsa kuti munthu wagona chipinda chiti.

Mufunsa kuti bwanji osawatengera kwathu apongoziwo. Ndinayesa. Kwathu ndi chipinda chimodzi, tilimo anthu asanu ndi awiri, ndipo apongozi ananena poyera kuti bola khoma liwagwere kusiyana n'kumva mkonono wa mkamwini. Kumalo komwe mukusungirako anthu osowa pokhala, komwe kuli anamwino ndi mabedi, pakhomo amafunsa penti yofiira. Ndiye ali momwemo. Amaseka, akuti mng'aluwo ndi windo laulere lomwe mphepo yawaboolera, tsopano chitseko chapakati chikakhala chotsegula amapereka moni kwa odutsa kumbuyo osadzuka. Amake ana saseka. Amagona konko pamphasa, khutu lili kukhoma. Dzulo akundipatsa madzi osamba anangoti ndikanachedwako pang'ono ndi hamala yangayo. Sananene mokalipa. Bola akanakalipa. Zaka makumi atatu ndakhala ndikunyozedwa chifukwa chochedwetsa ntchito za anthu, lero ndalakwa chifukwa chofulumira.

Choncho, Bwana, lamulo lanu ndalimvetsa, ndipo sindikupempha kuti mulisinthe chifukwa cha gogo mmodzi ndi mbuli imodzi. Ndikufuna kulitsata. Denga ndinakhoma ndine, msomali uliwonse ndikuudziwa, kulisasula sikunganditengere maola awiri. Wometa ndi wowotcherera avomera kudzagwirako. Apongozi nawo avomera kugona pabedi chagada monga ndinawapezera, mbale ili pamutu, kuti kandege kawaone bwino. Apempha chimodzi chokha, kuti awuzidwe nthawi ikadalipo, avale mpango wawo wabwino.

Zopempha zanga ndi zitatu, zazing'ono.

Choyamba, mundiuze tsiku ndi ola lomwe kandege kadzadutse Lachisanu lisanafike. Uthengawo mutumize ndi munthu wa miyendo, osati pafoni, ungadzafike titaika kale maliro.

Chachiwiri, posankha tsikulo musankhe lomwe nthambi yanu yalosera mvula yamphamvu. Tsiku lotero ndiye kumawala dzuwa, ndipo sindifuna apongozi anyowenso.

Chachitatu, ndipo apa ndagwada mawondo onse awiri, mubwere nokha mudzandigwirire makwerero. Si ntchito yofuna satifiketi, mungoima pansi n'kugwira ndi manja awiri, chipewa cholimba chija mukhoza kubwera nacho. Kutsogolo kukadali chithaphwi, ndiye makwererowo tidzawatsamiritsa kumbuyo, pakhoma la penti yobiriwira, ndipo mitengo itatu ija ndidzayamba ndaichotsa kuti isakutchingeni. Musaope kanthu, Bwana. Khomalo ndi lolimba. Munasainira ndinu.

Ine wanu wosaphunzira, wogwada mpaka mawondo kuchita zipsera,

Mkamwini wa m'nyumba yobiriwira,
Mmisiri wa madenga, amene pano akuphunzira kudikira.