Makhadi Awiri M'ndege Yakugwa

Kodi ndege ija inagwa kuseri kwa Phiri la Dedza inali ya ndani? Ndinafunsa akatekisiti, ndinafunsa aphunzitsi, aliyense ankangoyang'ana kumbali. Ena ankanong'ona kuti ndi ya Apwitikizi, ena ati ya boma. Ndipo chinthu cha boma sujambula, ungakagone kosadziwika. Manyazi amene ndinakaona kumeneko, imvani nokha.

Anthu ankapitabe kukajambulitsa. Mwana wathu Tadala atabatizidwa, amayi ake anaumirira.

"Anzathu onse ali nacho chithunzi cha pandege. Ife tokha?"

"Nanga akatigwira, mwanayu amulera ndani?"

"Abambo a Tadala, mantha anuwa!"

Tinapita Lamulungu ndi a Chimwaza, wojambula woyenda panjinga. Ndegeyo inali chigonere pakati pa mitengo ya paini, phiko limodzi palibe. Titangoima bwinobwino, ndinamva galimoto. Landirova, nambala ya boma! Munatuluka bambo wa suti yakuda, magalasi akuda.

Sindinaganize kawiri. Ndinalanda mwana m'manja mwa amayi ake, n'kukwawira m'ndegemo, n'kubisala kuseri kwa mpando. Tadala ndinamuyamwitsa chala kuti asalire.

Nsapato zinayandikira. Chitsulo chinalira. Akukwera!

Bamboyo analowa n'kukhala pampando wa woyendetsa. Pomwepo Tadala anayetsemula.

Bamboyo anatembenuka, tinaphana maso. Ine khadi la chipani m'mwamba.

"Pepani bwana! Ndi akazi anga andikakamiza!"

Ndikayang'ana, nayenso magalasi agwa, khadi lake lili m'mwamba.

"Pepani bwana! Ndine kalaliki chabe wa zankhalango! Ndimangofuna chithunzi chotumizira chibwenzi changa ku Kabwazi!"

"Simunabwere kudzandigwira?"

"Ine? Si inu mwabisala muno kuti muzigwira ojambulitsa?"

"Ndi khanda?"

"Anthu a boma mumachenjera, bwana!"

Kamera ya a Chimwaza khethe! Amayi a Tadala anali pawindo, manja m'chiuno.

"Mwati ndani wakukakamizani?"

Ndaphunzira kuti wamantha akakumana ndi wamantha mnzake, wodyerera ndi wojambula. Chithunzicho a Chimwaza achipachika pamsika wa Dedza chokopera makasitomala: amuna awiri akupepesana, khanda likuseka.

Chonde, mukamadutsa pamenepo ndi apongozi anga, muziwalozera mbali ya kabichi.