Galimoto Yokachingamira Bambo

Lolemba

Tchuthi chayamba! Sabata yathunthu osaona ofesi. Anzanga a ku banki akuti ndikapumule bwino. Kupumula kwa chiyani, munthu ndili ndi galimoto yoti ndiidzutse?

Ili m'galajamu. Ya '69, zitseko ziwiri, boneti yaitali ngati bedi, injini ya masilinda eyiti. Ndinaigula nthawi yozizira ija kwa mkulu wina wa ku Bowie, tauni yapafupi kuno kutsidya kwa nyanja, amene ankangoseka pondipatsa makiyi. Munthu wansangala kwabasi.

Injini ilibe mlandu. Ikalira, makapu a mayi a Tadala amavina m'kabati. Chatsala ndi thupi basi: kadzimbiri pa madigadi, kena m'munsi mwa chitseko.

Lamulungu Bambo akutera. Koyamba kukwera ndege, akubwera kudzaona mdzukulu wawo Tadala, akhala nafe miyezi itatu. Moyo wawo wonse akhala ku Ndirande akudula magalimoto akufa ndi tchizulo, n'kumakhoma ndowa, mbaula, makeni othirira mbewu. Ine sukulu ndinaphunzira ndi zitseko za magalimoto a eni. Tsopano ndikufuna aone mwana wawo ataukitsa imodzi. Akhale kutsogolo, chipewa pa bondo, chigongono pawindo, ine ndikuponda moto. Osati kukawatenga pa kagalimoto ka mayi a Tadala kaja, kabokosi kabulauni, konunkha mkaka.

Ntchito ili motere:
mawa kupala dzimbiri
Lachitatu kuwotcherera
Lachinayi kusalaza
Lachisanu penti yofiira, ndagula kale zitini
Loweruka kukaiyesa pa msewu waukulu wa Beltway

Lero ndangokhala m'kati mwake, manja pachiwongolero, wailesi ikuimba. Ndafika nayo mpaka ku Zomba.

Lachiwiri

Ndikupala ndi gilayinda. Penti ikuchoka bwinobwino. Pansi pa penti ndikuyembekeza chitsulo, koma kukutuluka fumbi loyera. Ndikupalabe. Fumbi lokhalokha! Tsitsi mbuu, ngati ndachokera kuchigayo.

Ndi phala lija amamatira magalimoto. Mkulu wa ku Bowie sankawotcherera, ankangomata. M'kati mwa madigadi ndapezamo waya wa khola la nkhuku ndi nyuzipepala yakale. Tsopano ndamvetsa chimene ankaseka.

Ndabera mayi a Tadala maginito awo a pafiliji, aja ooneka ngati zipatso, kuti andiuze pamene pali chitsulo chenicheni.
padenga: nanazi wagwira
paboneti: nthochi yagwira
pachitseko, kumtunda: lalanje lagwira
kwina konse: zipatso zili pansi

Ndakweza kapeti kumbali imene akakhale Bambo. Ndikuona simenti ya galaja. Bowo loti mbuzi n'kudutsa.

Ndi mchere umenewu. Kwathu mchere timathira m'ndiwo, kuno amauthira mumsewu kukagwa chipale, ndiye umadya galimoto kuyambira kunsi. Dziko lolemera, mpaka msewu kuulunga!

Komabe madzulo, dzuwa likamalowa pakhomo la galaja, boneti imawala. Ndaimapo nthawi yaitali. Nkhawa ndilibe, mabowo amatsekeka.

Lachitatu

A Zulu, anzanga a ku Lusaka amene timapemphera nawo, abwera ndi makina owotcherera a mlamu wawo. Aizungulira galimoto kawiri, manja kumbuyo ngati ali pamaliro. "Mudala, iyi motoka inafa kudala," atero, n'kumapita kuntchito.

Chigoba chotchinga kumaso aiwala. Palibe kanthu. Ku Ndirande ndani anavalapo chigoba? Anyamata owotcherera mafelemu a mawindo amangovala magalasi adzuwa, ena amangotsinzina. Ndavala anga aja ndinagulira ukwati.

Mbaliwali kukongola kwake! Zobiriwira, zoyera, galaja yonse kuwala. Ndikudziona ndili pa Beltway, mitengo ikuthawira kumbuyo, Bambo akundifunsa kuti, kodi iwe, imeneyi wakonza wekha? Ine kungosintha giya.

Nditatsegula maso bwino: bowo lija lakula. Chitsulo chodyeka ndi dzimbiri sichipirira moto, chimangosungunuka. Ndikatseka apa, pakutseguka apo. Ndathamangitsa bowo limodzi kuchokera pansi pa mpando mpaka kukafika kuchitseko. Chitseko nacho chatentha, chapindika, sichikutsekekanso.

Kapeti anayaka pang'ono. Ndazimitsa ndi tiyi.

Lachinayi

Maso! Ngati wina wandithira mchenga wa mumtsinje wa Mudi. Misozi ili chuchuchu. Ndikulemba ndi diso limodzi, nalonso mwa apo ndi apo.

Mayi a Tadala andiika mbatatesi zodula pazikope, akuti amatero kwawo. Sanandikalipire, ndipo zikanakhala bwino akanandikalipira. Angonena kuti: "Bambo a Tadala, apongozi akubwera kudzaona mwana wawo ali ndi maso. Galimoto anaziona zambiri." Kenaka afunsa za nanazi wawo wa pafiliji.

Tsiku lonse chagada pampando, makatani otseka. Mumdimamo galimoto yatha kale. Yofiira psuu. Tikutsika nayo msewu wa Georgia, kenaka sindikudziwa zatheka bwanji, tatulukira pamsika wa Ndirande. Okhoma ndowa onse asiya nyundo, aimirira. Bambo akuwakwezera dzanja pang'ono chabe, ngati nduna.

Ndimawasowa Bambo. Zaka zonsezi ndimangowadziwa ndi makalata olembedwa ndi mwana wa aneba. Ndikuopa kuti adzandipeza ndasanduka munthu wa tayi, wosadziwa kugwira kanthu.

Mbatatesi zauma. Ndapempha zina.

Lachisanu

Maso atseguka. Makina a a Zulu ndawakankhira pakona, tisaonanenso.

Nzeru yabwera ndikusamba. Bambo sanawotchererepo chiyambire, koma ndowa yawo sidontha. Amadula, amapinda m'mphepete, amalumikiza, amakhoma. Ndinakulira pambali pawo ndikuwagwirira malata. Ndichita zomwezo.

Chitsulo chabwino ndichitenga kuti? Pagalimoto pomwepa. Chivundikiro cha buti ndi chabwinobwino, ndipo Bambo sadzakhala kubuti. Ndachidula ndi tchizulo, chitsa cha mtengo ndaika pakati pa miyendo, nyundo m'manja. Kho! Kho! Kho! Dera lathu lonse la Wheaton lamva. Mzungu woyandikana nafe wasuzumira pampanda, wafunsa ngati zonse zili bwino. Ndati zili bwino kwambiri.

Ndipo zinalidi bwino. Dzanja likungoyenda lokha, fungo la chitsulo, mtima myaa. Ndinayamba kuimba nyimbo ya kwaya imene Bambo amaimba akamakhoma.

Koma manjawa ali ndi nzeru zawozawo. Chigamba cha pansi chimafunika chafulati, cha makona anayi. Changa chatuluka chozungulira, chakuya pakati, mkombero wopinda bwino. Ndayesa china: chimodzimodzi. Chachitatu ndachita kuluma mano, koma chatuluka ndi pogwirira.

Zimene ndapanga lero:
beseni limodzi
tako la ndowa
chivundikiro

Mayi a Tadala atenga chivundikirocho, akuti chikukwana ndendende pa poto wawo wamkulu amene chake chinasowa posamuka. Aka n'koyamba kuyamikira galimotoyi.

Buti latha. Ndayamba chitseko chopindika chija.

Loweruka

Lero linali tsiku la Beltway.

Ndaima pakhomo la galaja kuwerenga zotsala. Buti palibe. Chitseko chimodzi palibe. Madigadi akumanja ndinachotsa kuti ndione bwino, akumanzere akulendewera. Bowo la pansi lilipobe, lokhalo ndi limene silinachoke.

Ndati ndiilize komaliza, mtima ukhale pansi. Yalira, abale! Kulira kwake kuja kwa pansi pamtima, ngati mvula ikubwera kuseri kwa phiri. Ndatseka maso, ndaponda pang'ono. Ndiye phokoso: madigadi akumanzere agwa, ekizozi yatsatira. Tadala wadzuka kuchipinda, akulira mopikisana ndi injini.

Ndazimitsa. Zidutswa zonse ndaunjika pambali, ndafunditsa chilona. Zitini za penti ndabisa kuseri kwa makina ochapira.

Masana onse ndatsuka kabokosi kabulauni. Fungo la mkaka silikuchoka.

Lamulungu

Bambo afika. Achepa thupi, jekete ndi lomwe lija. Pabwalo la ndege andigwira dzanja ndi manja awiri, osalisiya. Kutsogolo akana, akuti akhala kumbuyo ndi mdzukulu. Beltway yonse agona, Tadala atawagwira chala.

Kunyumba ndimati tilowere khomo lakutsogolo, koma munthu wa zitsulo amanunkhiza. Asanamwe n'tiyi yemwe ali m'galaja, akweza chilona. Ine ndaima kumbuyo. Ndimafuna kufotokoza za mchere.

Agogoda denga ndi chala, apendeketsa mutu kumvetsera. Agogoda boneti. Atola beseni langa lija, aliyang'ana mkombero mozungulira, alibweza pansi mosamala. Nditawayang'ana, maso awo ali ndi misozi.

"M'ndege monse ndimadandaula kuti miyezi itatu ndidzatani, manja ali lende m'nyumba ya eni. Kani iwe unaganiza kale. Chitsulo ngati ichi ku Ndirande sitichiona. Mpaka wayamba kundidulira!"

Ndatsegula pakamwa. Mayi a Tadala andiponda phazi. Ndatseka.

Akuti lero ndi la Mulungu, nyundo sigwiridwa, koma mawa ndilawire ndisanapite kuntchito, ndikawagwirire. Tiyambira boneti. Pofika madzulo nkhani yamveka kale kutchalitchi: akazi a a Zulu akufuna mbaula ziwiri, akuti nyama yootcha pa gasi siikoma.

Ndapita kukatulutsa zitini kuseri kwa makina ochapira. Mbaula yoyamba ikhala yofiira.