Sensa Yapaintaneti ndi Ukwati wa Esinati

Lolemba

Kanyali kachikasu kayaka pa dashibodi. Galimoto ikutsokomola, utsi wakuda kumbuyo, petulo ikumwa ngati waulere. Sabata yake inonso!

Loweruka ndi ukwati wa mlamu wanga Esinati ku Kabudula. Pamsonkhano wa komiti ndinaimirira ndekha, popanda wondituma, n'kunena kuti mkwatibwi akwera yanga. Apongozi analuluta. Zaka khumi ndi ziwiri ndili mkamwini pamudzi paja, kanali koyamba kundilulutira. Mawu amenewo sindingawabweze.

Ndatsitsa matumba a mtedza amene ndimasunga m'galimotomo, poti ndimo muli loko wodalirika, ndapita nayo kwa a Chimphonda, makanika wa pano pa Namitete. Alumikiza kamakina kawo. Akuti vuto lili cha ku sensa ya okosijeni, kachitsulo konunkhiza utsi mu ekizozi n'kumauza injini mafuta oti imwe. "Koma kamakinaka kangotchula mudzi, sikanatchule nyumba. Mubwere nayo Lachinayi tifufuze bwino." Lachinayi! Akuyesa ukwati ndi wa chaka chamawa.

Lachiwiri

Ndaipeza pa intaneti. Wogulitsa ali m'tauni, akuti ndi yeniyeni ya ku Japan, mtengo theka la wam'sitolo. Pachithunzi ikuwala. Pansi pake anthu alemba zomuyamikira, ngakhale onse akulemba mofanana ngati ana a mayi mmodzi.

Ndatumiza ndalama pafoni. Mayi a Tadala, akazi anga: "Munthuyo munamuonapo nkhope?" Ndawauza kuti dziko linasintha.

Ndaonera vidiyo ya mzungu akusintha sensa. Mphindi zinayi basi, malaya osada n'komwe. Zofunika: sipanala, kansanza, kulimba mtima. A Chimphonda apume.

Lachitatu

Yafika pa minibasi, m'kakatoni ka sopo. Yopepuka. Malemba ake ndangowakhudza ndi chala, afufutika. Wogulitsa akuti, "Zenizeni zimatero, bwana." Chabwino.

Yakale yakana kutuluka. Dzimbiri lokhalokha. Galimoto ya mzungu uja sinalawepo matope a msewu wa ku Nsaru.

Zimene ndayesa:
sipanala, yaterereka n'kundisenda chala;
mafuta ophikira, mayi a Tadala aona;
kupemphera;
hamala.

Hamala yatheka. Sensa yatuluka zidutswa ziwiri, ndakaiponya kudzala. Ndamanga yatsopano, ndaliza injini. Kanyali kali ngwee ngati poyamba. Msana ukuwawa.

Lachinayi

Zanyanya. Ikuzima pa hampu iliyonse. Wakabaza wa njinga yakapalasa, atanyamula mayi ndi nkhuku, wandipitirira n'kundipatsa moni.

Wogulitsa m'mawa: "Ipatseni nthawi izolowerane ndi injini." Masana: nambala yake siyikupezeka. Madzulo: chithunzi chija chachotsedwa.

Ku Kabudula aimba foni. Maliboni agula kale, apinki. Akufunsa ngati hutala ikulira bwino. Ndati kwambiri. Pokhapo sindinaname.

Lero ndiye tsiku limene a Chimphonda ananena. Ndadutsa njira yakuseri. Manyazi.

Lachisanu

Manyazi sayendetsa galimoto. Ine ndi anyamata apamsewu taikankha mpaka kwa a Chimphonda.

Alowa pansi, atsata waya wa sensa ndi dzanja, atuluka nawo woduka. Pawayapo pakuoneka molumidwa ndi mano. Atsegula boneti, apisa kuseri kwa batire: makoko a mtedza, nsanza, chisa chathunthu. Makoswe! Miyezi iwiri ndakhala ndikuwadyetsa, ndi nyumba ndawapatsa, iwo n'kundithokoza chotere.

Wayawo alumikiza ndi tepi, nthawi yochepa kuposa ya mzungu uja. Kenako: "Sensa yakale ija ili kuti? Inalibe mlandu iyo, tibwezeretsepo." Ndayang'ana kumsewu.

Yatsopanoyo aiyeza. "Ichi n'chidole, achimwene. M'kati mulibe kanthu." Aimbira anzawo m'tauni. Yamtundu wa galimoto yanga ipezeka sabata yamawa. Akuti mawa galimoto ikhoza kuyenda, koma ndisanyamule munthu wofunika.

Ndatopa. Ku Kabudula sindinaimbe.

Loweruka

Ndaitsuka, ndafika ku Kabudula mwa chisomo. Atsikana aimanga maliboni, yakongola ndithu. Esinati wakwera, velo mbee, akumwetulira. Ndanyamuka hutala ili pii, pii, mtima uli m'malere.

Padambo, pokwera kamtunda kopita kutchalitchi, yazima. Ndaliza. Zii. Ndalizanso. Utsi wakuda walowa pawindo, mkwatibwi akutsokomola.

Operekeza akankha atavala masuti. Yabwerera m'mbuyo. Mmodzi nsapato yatsala m'matope.

Abusa akudikira. Esinati watsika, wakwinya diresi m'manja, wakwera kabaza wa njinga yamoto. Sanalire. Wangoti, "Musadandaule, alamu." Bola akanandinyoza.

Lole ya amayi oimba yadutsa, apongozi ali kutsogolo. Nyimbo yaduka pakati. Andiyang'ana, ayang'ana galimoto, ayang'ana kutsogolo.

Yakokedwa ndi ng'ombe ziwiri za ngolo mpaka kumudzi, maliboni ali pomwepo. Ojambula vidiyo ya ukwati sanaphonye.

Lamulungu

Esinati wakwatiwa, ukwati unakoma, akutero amene anafika nthawi yabwino. Galimoto ili pansi pa mtengo wa mango kwa apongozi, nkhuku zayamba kale kuiyendera. Ine ndabwera pa minibasi.

Apongozi sanakalipe. Iwo sakalipira mkamwini pamaso. Uthenga wadzera mwa mayi a Tadala: mng'ono wa Esinati akwatiwa tikakolola, ndipo komiti yandiganizira kale. Andipatsa mbali ya nkhuni.

Ndavomera. Nkhwangwa ndili nayo. Imeneyo ndinagula pamsika, nditaigwira ndi manja anga.