Nkhondo ya Imelo ndi Voyisi pa Anapiye a ku Engutwini

Kezia NyaShaba, Mkango Waukazi wa pa Watsapu, anadina foni ndi chala chake chosagonja nayamba kulankhula, ndipo Bennet Soko, Njovu ya Makalata a Mumphepo, anakoka mpando naweramira kompyuta. Umo ndi momwe inayambira nkhondo mu ofesi ya kalabu yathu ya alimi pa Mzimba boma, m'masiku ano amene munthu sakuonanso ngati sunamulowere m'foni. Matebulo awo anali ogundana. Ine ndinali pabenchi, ndipo ndinaona zonse.

Nkhani inali ya anapiye. Ife amayi a ku Engutwini tinaitanitsa katoni ya anapiye a tsiku limodzi, ndipo kondakitala wa basi anaimba kuti afika pa depoti, dzuwa la Okutobala likuwotcha. Chofunika chinali chimodzi, kuuza Walter dalaivala kuti akawatenge. Walter anali panja pansi pa mtengo wa mango, pafupi ndi windo, akusenda nzimbe.

Soko analengeza kuti lamulo la ntchito limayenda pa imelo, pakuti mawu a pakamwa amauluka. Analembera Walter. Komatu imelo ya Walter anamutsegulira pa maphunziro ena chaka chatha, ndipo chinsinsi cholowera anachiiwala asanatuluke m'holo.

NyaShaba anayankha kuti makolo ake anatsika mapiri ndi kuwoloka mitsinje popanda kulemba kanthu, choncho iye atumiza voyisi ku gulu la kalabu la pa Watsapu. Koma mwana woleredwa bwino safika pa nkhani asanapereke moni. Anayamba ndi apampando, nawatchula chiwongo, nafunsa za mwendo wawo. Anapita kwa alembi, nafunsa za ana, za mbuzi, za maliro a ku Euthini. Pofika pa anapiye, onse m'gulumo anali atatseka kale. Ndipo Walter m'gulumo munalibe, foni yake ndi ya mabatani.

Ndinatuluka kukamuuza ndekha. Anandilandira mwaulemu, nandigawira nzimbe, nati galimoto siyenda ndi mawu a membala, chifukwa tsiku lina anayendapo ndipo anamukalipira. Akudikira ofesi.

Nditabwerera ndinapeza mikondo ikuuluka. Soko analembera NyaShaba imelo yofunsa chifukwa chimene galimoto sinanyamukire. NyaShaba anakweza foni pakamwa, maso ali pa Soko, nayamba voyisi ndi moni wa Chitumbuka.

"Ada Soko, mwatandala uli? Ine ndili makora. Imelo yanu sinditsegula mpaka Yesu adzabwere, mbwenu."

Ndinafunsa Soko ngati wamva. Anati makutu ake amva, koma ofesi sinamve, chifukwa voyisiyo sanaitsegule, ndipo saitsegula.

Ine zachibwana ndilibe nazo nthawi. Ndinakwera kabaza, mafupa anga akudandaula njira yonse, ndipo ndinapeza katoni padzuwa pafupi ndi matumba a makala. Ena mwa anapiyewo anali atagona chagada. Otsalawo ankalira ndi timawu totha mphamvu. Ndinabwera nayo katoniyo pamiyendo, ndinaiika pamalire a matebulo awiriwo, ndi kutsegula kuti apume.

Apo gulu lankhondo lachitatu linalowa m'bwalo. Anapiye anatuluka ngati ngumbi. Ena anayenda pa kompyuta ya Njovu nalemba imelo yawoyawo, imene inapita kwa apampando. Ena anazinga foni ya Mkango, ndipo gulu lonse la pa Watsapu linalandira voyisi yoyamba m'mbiri yake yopanda moni. Ngwazi ziwiri zija zinagwada ndi kukwawira pansi pa tebulo kusaka adani, ndipo kumeneko, mumdima wa nthambo ndi fumbi, mitu yawo inagundana.

"Pepani chomene," anatero Soko, ndi pakamwa pake penipeni.

"Yewo, ada. Gwirani uyo ali pa nsapato yanu."

Mtendere unabwera motero. Anagwirizana kuti kuyambira tsiku limenelo Soko azilemba imelo, NyaShaba aziiwerenga mokweza mu voyisi atatha moni wonse, kenako onse awiri azinyamula foniyo limodzi kupita nayo pansi pa mango kuti Walter aimve. Anachitadi pomwepo. Walter anamvetsera mpaka kumapeto, chipewa chili m'manja, kenako anafunsa ngati akafikebe ku depoti, poti lamulo likutero. Anamuuza kuti inde, lamulo ndi lamulo. Anapita, nabwera ndi galimoto yopanda kanthu, ndipo anamuombera m'manja. Anapiye akufa anawaika kuseri kwa ofesi, Soko akulankhula m'malo mwa ogwira ntchito, NyaShaba akujambula. Amoyo anafika ku Engutwini dzuwa litapendeka, koma sanakwanire tonse, ndipo amayi atatu anabwerera kwawo ndi madengu opanda kanthu.

Inu ana anga a m'maofesi, mafoni anu sungani, sindikulandani. Koma ndapota, chinthu chamoyo chikakhala padzuwa, dzukani pampando mukalankhule ndi munthu.