Lamba Watha Mabowo

Lolemba

Ndaboolanso lamba ndi msomali wamoto. Buluku likungozungulira m'chiuno ngati thumba la feteleza lokutumula kale. Chonsecho ndikudya ngati waganyu. Zakudyazo zikulowera kuti?

Amake Felista, mkazi wanga, abwera ndi nkhani kuchokera kudimba: a mumphakati wathu wa kutchalitchi adzafika Lamulungu likudzali kudzandizonda. Ine! Munthu woyenda ndi miyendo yanga! Kuno ku Ndunde a mphakati akangokuimbira nyimbo pakhonde, basi, wathera pomwepo. Anthu amayamba kukulankhula mokweza ngati wogontha, pa unkhoswe sakuitananso, mlandu wa malire amaweruza iwe uli gone. Mphunzitsi wamkulu wopuma, wa digiri yathunthu, kumukhazika pamphasa n'kumupatsa nthochi!

Chochita: pofika Lamulungu ndikhale nditanenepa. Ndidzawalandire nditavala suti, abwerere ndi nyimbo zawo kukamwa. Komanso ndimupeze amene akundiondetsa.

Owaganizira:
Amake Felista. Akumwetulira kwambiri masiku ano.
A Likhutcha, okhoma mabokosi a maliro.
A pazenera la mankhwala kuchipatala.
Alamu anga. Chifukwa chake ndichipeza.

Lachiwiri

Za a pazenerawo ndilembe bwino, mwina zidzafunika kukhoti.

Kalekale anandichita opaleshoni ya chotupa cha pakhosi, n'kuchotsa chithokomiro. Anandiuza kuti ntchito ya kachiwalo kameneko azigwira ndi mapiritsi mpaka kumanda. Awiri m'mamawa uliwonse, m'mimba mulibe kanthu, tiyi pambuyo. Sindinaphonyepo. Koma chikololere chimanga, pazenera paja akundipatsa theka la mapiritsi, m'kabokosi kamtundu wina, n'kumati: "Awa, bambo, muzimwa limodzi." Ndinangogwedeza mutu. Ndinabadwa kale ine. Theka linalo likupita kuti? Ndikumwabe awiri monga anandiuzira dokotala weniweni, wa mpeni uja. Akaperewera ndimakagula ku Limbe, kuwaonetsa kabokosiko. Sangandibere thanzi ndili maso!

Ntchito yonenepa yayambika. Phala la nsinjiro, mandasi, mazira, chinangwa chophika, thobwa. Masana ndamaliza mbale yanga, ndathandizanso ya amake Felista.

"Idyani, bambo, idyani."

Akulimbikira chonchi bwanji?

Lachitatu

Popanda muyeso palibe sayansi. Ndapita kwa Che Saidi, venda wogula nandolo pamsewu. Sikelo yawo ndi yopachika pamtengo wa mango. Ndagwira mbedza ndi manja awiri, ndapinda miyendo, ndalendewera.

Muvi waima pamalo ochititsa manyazi.

Koma ndani sadziwa kuti sikelo ya venda imaba? Funso n'lakuti: makilogalamu asowawo, angati yaba sikelo, angati wandibera mdani wanga? Masamu onse amene ndinaphunzitsa sakundithandiza.

"Sikelo yangayi ndi yoona ngati ya boma, aphunzitsi," akutero Che Saidi. Ndiye kuti chiyani pamenepo?

Ndisanatsike, amayi ogulitsa nandolo andizungulira. Wina kumbuyo: "Che Saidi, amenewo mukugula pa mtengo wanji?" Chiseko mpaka tsidya la msewu.

Che Saidi alowa m'gulu la owaganizira.

Lachinayi

Thukuta lokhalokha. Mtima ukugunda ngati chigayo cha dizilo. Dzanja likunjenjemera, tiyi theka wathera m'sosala. Munthu wina akugwira ntchito mwakhama pa ine.

Ndakumana ndi a Likhutcha pamjigo. Moni wautali, wachikondi chimene sindinachionepo. Maso awo akuyambira kumutu kwanga, kutsika mpaka kuphazi, milomo ikugwedera pang'ono. Akuwerengera matabwa!

"Kodi aphunzitsi, kutalikaku n'kwa kuchimuna kapena kwa kuchikazi?"

Ndachokapo msanga.

Kunyumba ndasuzumira pazenera la khitchini. Amake Felista akuwaza ufa woyera m'phala langa, kuchokera m'kachitini kobisa kuseri kwa ndowa. Ndawagwira! Ndalowa ngati wapolisi.

Mkaka waufa. Watumiza Felista kuchokera ku Blantyre, "wa adadi, kuti abwerere thupi."

Ndiye kuti ku Blantyre nakonso zamveka. Anamuuza ndani?

Ndayesa suti. Mapewa akulendewera, khosi langa lili pakati pa kolala ngati mpini wa khasu m'ndowa. Ndavala majuzi awiri mkati. Pagalasi ndikuoneka bwino ndithu, koma kutentha kwa mwezi uno, ndatsala pang'ono kukomoka. Wokomoka atavala suti ndi wodwalabe.

Lachisanu

Ndaganiza zoyamba ndi mbava zazikulu. Ulendo wa kuchipatala, kukaneneza a pazenera kwa dokotala. Amake Felista andilondola osaitanidwa. Mu minibasi kondakitala akukankhira munthu wina pampando wathu wodzaza kale: "Lowani apo, madalawa sadya malo."

Dokotala wake wamng'ono, ndevu sizinagwirizane. Ndayala mlandu wonse mwadongosolo, chiyambi, thunthu, mathero. Iye akungondigwira pamkono, kuyang'ana wotchi. Wapempha kabokosi.

"Mukumwa angati?"

"Awiri, monga mwa nthawi zonse."

Wayang'ananso kabokosi. Kenaka akuti piritsi limodzi latsopanoli mphamvu yake ndi ya awiri akale aja. Ndiye kuti miyezi yonseyi ndakhala ndikumwa mlingo wa anthu awiri. Thupi likuyaka ngati njinga yamoto yoimika koma injini ikulira. Kuonda, thukuta, kunjenjemera, njala, zonse n'zomwezo. Ngakhale kupsa mtima ndi kusakhazikika maganizo.

Amake Felista: "Heee!" Mawu amodzi okha, koma atalika mpaka pakhomo.

Anditenga magazi, ati aonenso ngati palibe china. Kuyambira mawa limodzi, ndipo ndisasinthe ndekha, ndidzabwere kudzamva zotsatira. Thupi libwerera pang'onopang'ono, mwina miyezi.

Ndafunsa ngati pali njira yoti libwerere pofika Lamulungu. Waseka. Dokotala kuseka wodwala!

N'kutheka kuti iyeyu ndi a pazenera ndi amodzi. Komabe timanambala ta pakabokosi tikugwirizana nawo. Anatilemba ting'onoting'ono chonchi ndani, ndipo ankafuna chiyani?

Loweruka

Kabokosi kasamuka. Tsopano kakukhala pamfundo ya chitenje cha amake Felista. M'mamawa andiikira piritsi limodzi pachikhatho, n'kuima pomwepo mpaka nditameza, ngati akumwetsa mwanapiye wa chitopa.

Lamba ali pabowo lomwe lija.

Ndafufuta owaganizira onse kupatula alamu anga. Amenewo akhalebe kaye.

Masana, akusenda nandolo, osandiyang'ana n'komwe:

"Nanga mawa a mphakati ndiwauze chiyani, bambo? Kuti mukudwala, kapena kuti aphunzitsi anauzidwa limodzi iwo n'kumamwa awiri?"

Ndakhala pansi pa mpeyala mpaka dzuwa kupendeka. Theka la a mumphakatiwo ndinawaphunzitsa ine. Ena ndinawagwaditsa pamiyala chifukwa chosatsata malangizo a pamwamba pa pepala la mayeso. Matenda anthu amaiwala ukachira. Koma izi? Dzina latsopano lingatuluke pamenepa, lofika mpaka kwa zidzukulu. A Awiriawiri. Ndikulimva kale likuitanidwa pamsika.

Ndawauza amake Felista kuti ayale mphasa.

Lamulungu

Afika itangotha Misa. Khonde ladzaza, ena pansi pa mpeyala. Ine pamphasa, bulangete mpaka m'khosi, dzuwa lili ng'aa. Suti ili m'sutikesi.

Nyimbo zitatu, zonse zapang'onopang'ono.

"MWA-DZU-KA BWA-NJI, A-PHU-NZI-TSI?"

Ndayankha ndi mawu ofooka. Ndatsokomolanso kawiri, ngakhale chifuwa ndilibe. Ukasankha ntchito, igwire bwino.

Abweretsa nthochi, mtolo wa nkhuni, shuga, ndi nkhuku yamoyo imene ikundiyang'ana mokayikira. Amayi apampando apempherera "mtumiki wanu amene wagwidwa ndi nthenda yosadziwika." Ameni wa amake Felista wamveka kuposa onse. Sanandiyang'ane. Mapewa awo okha ndi amene akugwedezeka.

Potsanzika, gogo wina wandisuzumira kumaso: "Taonani, anzanga, nkhope yayamba kale kubwerera!"

Ndiye ndi mmenemo. Ndikadzanenepa, Ndunde yonse idzati ndi mapemphero a mphakati. Ndipo ine, wa digiri yathunthu, ndidzaimirira m'tchalitchi n'kuwathokoza.

Nthochizi n'zokoma.