Mgolo wa Molasesi

Pulani inabadwa pa botolo lachinayi, ndipo ife odziwa timadziwa kuti zobadwira pamenepo sizikula. Mapulani, mkulu wa gululo, anajambula famu ya ng'ombe patebulo ndi chala chonyowa ndi mowa.

"Mafana, mbava zopusa zimadikira mdima. Ife madolo tikaba dzuwa lili paliwombo, mlonda akuwodzera. Mgolo umodzi wa molasesi, ophika mowa akatilandira ngati mafumu!"

Molasesi ndi madzi akuda, onanda, otsekemera, otsala popanga shuga. Kukatentha kwambiri mathole, ana a ng'ombe aja, amakana kudya, ndiye amawasungunulira m'madzi kuti apeze mphamvu. Anabweretsa nzeruyi ndi Wamkaka, mlamu wake wa Mapulani, amene ankadyetsa ng'ombe pafamupo asanachotsedwe ntchito. Wachitatu anali Chitsulo, minofu yodzaza khomo, nzeru zosadzaza supuni.

Mapulani ankaopa kwambiri kugwidwa. Mkazi wake anali atalumbira kuti akangolowanso ndende, potuluka adzapeza nsapato za mwamuna wina pakhonde.

Masana akuwotcha, mlonda akuliza mkonono, anatulutsa mgolo m'shedi n'kumaugubuduza bwinobwino. Pofika pakhola, Wamkaka anaima.

"Alamu, taonani kathole ako. Lilime panja, kakupumira m'mwamba. Sikafika madzulo."

"Tabwera kudzaba kapena kudzachiza? Kankhani mgolo, alamu!"

"Kapu imodzi yokha. Make wa kameneka ndinamulera ndine."

Anatsegula geti, natunga madzi m'ndowa, napotokola chotsekera cha mgolo. Mgolowo unali utaphikidwa ndi kutentha, kenako n'kukhutchumulidwa njira yonse. Phwii! Molasesi anathovokera Mapulani kuyambira pachipumi mpaka m'nsapato. Wamkaka, manja atazolowera ntchito yakale, anagogoda ndowa katatu monga ankaitanira mathole kukudya.

Anabwera onse makumi awiri, michira m'mwamba.

Thole lina linamugwira Mapulani khutu n'kuyamba kuyamwa. Lina linalowetsa lilime m'khwapa. Mapulani, bambo wandevu zake, anagwa chagada n'kuseka chikhakhali chomveka kumsewu.

"Chitsulo, aise! Hihihi! Ndipulumutse! Ndikufa ine!"

Chitsulo anapulumutsa mgolo. Anaunyamula paphewa, kukamwa kwake kutaloza pansi, nathira bwana wake zotsala zonse.

Mlonda anadzuka. Mayi mwini famu anafika atagwira m'chiuno, nayang'ana amuna atatuwo, kenako kathole kaja, kataimirira njenjenje, mutu uli m'ndowa ya Wamkaka momwe munagwera molasesi. Mkwiyo unawathera pamenepo.

"Masiku atatu kakukana kumwa kameneka," anatero. "Sankhani, abambo inu. Apolisi, kapena ndowa mpaka kutentha kuthe, popanda malipiro."

Mapulani analumphira ndowayo ngati mphaka, naikumbatira pachifuwa. Anapukuta diso limodzi, natembenukira anzake, thole likumutafuna kolala.

"Mwaona, mafana? Mukanakhala nokha, ntchito mukanaipeza?"